PHUNZIRO 18: AKAVALO A PA MWALA WA ANTHU OBISIKA

Tikambirane

Ndani adaonapo kavalo? Kwezani dzanja.

Amene simudamuonepo, ganizani za bulu. Kavalo amafanana ndi bulu. Koma makutu ake ndi aafupi, mcira wake ndi wa ubweya wautali, ndipo amathamanga kwambiri.

Lero tipita kutali, ku dziko la Islândia. Dziko limeneli ndi cilumba. Lili pakati pa nyanja yaikulu ya Atlântico, kumpoto kwenikweni. Kumeneko kumazizira koposa ku Angónia mu Juni. Nyengo ya cisanu kumagwa cipale cofewa. Cipale cofewa ndi madzi oundana, oyera ngati ufa, ofewa ngati thonje. Cikagwa cimakwirira udzu wonse. N'cifukwa cake alimi amamweta udzu nyengo yofunda, amauyanika, ndi kuusunga m'nkhokwe. Udzu ukatha cisanu cikadalipo, ziweto zimafa ndi njala.

Anthu a ku Islândia ali ndi nthano za anthu obisika. M'cilankhulo cawo amati huldufólk kapena álfar. M'nthanozo, anthu obisika amakhala m'miyala ikuluikulu. Amafanana ndi ife. Ali ndi ana, ali ndi ng'ombe, ali ndi nkhosa. Koma munthu amawaona pokhapokha iwo akafuna.

Nthano ya lero ndi yopeka. Khalani cete, mumve.

Timvere nthano

Padangokhala!

Tili tonse!

Padali banja lina m'dera la Skagafjörður. Padali agogo aakazi, atate, amayi ndi mtsikana mmodzi. Kuseri kwa nyumba yawo kudali mwala waukulu. M'mwalamo munkakhala banja la anthu obisika. Khomo lidali limodzi, mabanja adali awiri.

Mabanja awiriwa ankaweta akavalo pamodzi. Nyengo yofunda, akavalo ankakhala kumapiri opanda mbusa. Anthu obisika ndiwo ankawayang'anira. Nyengo ya cisanu, akavalo ankatsikira kumudzi. Atate ndiwo ankawapatsa udzu wouma. Akavalo a pakhomopo adali onenepa, amphamvu ndi ofatsa. Mbiri yawo idamveka, ndipo anthu ankacokera kutali kudzagula.

Pangano lidali limodzi lokha. Udzu womera mozungulira mwala, wosaumweta. Udali wa ng'ombe ya anthu obisika.

Caka cina kavalo wamkazi adabala kamwana kofiira, ka banga loyera pamphumi. Mtsikana adakapatsa dzina lakuti Stjarna, ndiye kuti Nyenyezi. Koma caka comweco mvula idagwa nthawi yoyanika udzu. Idagwa sabata. Idagwa mwezi. Udzu wambiri udawola.

Atate adayang'ana m'nkhokwe. Adawerenga akavalo. Adayang'ananso m'nkhokwe. Kenaka adayang'ana kumwala. Udzu wa kumeneko udali wautali, uli biriwiri. Atate adanola cikwakwa.

"Ukupita kuti ndi cikwakwaco, mwana wanga?" adafunsa agogo.

"Amayi, udzu sukwana. Ndikapanda kumweta wa kumwala, akavalo awiri ndiwapha. Ndiyamba ndi Nyenyezi ndi make, pakuti woyamwitsa amadya kwambiri."

"Pangano limenelo adapangana ndi atate ako. Ika cikwakwa pansi."

Atate adaima nthawi yaitali. Kenaka adaika cikwakwa pansi. Usiku umenewo sadadye.

Mtsikana adamva zonse. M'mamawa adatenga mbale ya mkaka, napita kumwala. Adagwada.

"Odi!"

Zii.

"Odi kuno!"

Zii.

"Odi, eni ake!"

Mwala udatseguka. Mudatuluka mayi wamtali, wovala zabuluu.

"Eee, mwanawe. Kwagwanji m'mamawa muno?"

"Amayi, ndabwera kudzapempha. Tigawireniko udzu wanu."

"Udzuwo sindingakupatse. Ng'ombe yanga idya ciyani? Ana anga amwa ciyani?"

Misozi ya mtsikana idagwera m'mbale ya mkaka.

"Pukuta misozi," adatero mayiyo. "Atate ako ponola cikwakwa ndidamva. Pociika pansi ndidaonanso. Tsono tamvera. Tsiku limene mitolo ya udzu itsale khumi, ubweretse Nyenyezi ndi make kuno. Adzakhala m'khola langa, adzadya pamodzi ndi ng'ombe yanga. Koma usadzagogode kufuna kuwaona. Udzadikire mpaka mbalame ya lóa italira."

Mwala udatsekeka. Mbale idatsala panja, ilibe mkaka.

Cisanu cidafika. Cipale cofewa cidakwirira dziko lonse, mbee! Dzuwa linkatuluka pang'ono, n'kulowanso. Mtsikana ankawerenga mitolo m'nkhokwe. Idatsala 30. Idatsala 20. Idatsala 10.

Tsiku limenelo adatsogolera Nyenyezi ndi make kumwala. Mwala udatseguka. Akavalo adalowa. Mwala udatsekeka.

Masiku adapita. Mtsikana adamusowa Nyenyezi. Kodi akudya? Kodi ali moyo? Tsiku lina adapita kumwala, adakweza dzanja kuti agogode. Adakumbukira mawu aja. Adatsitsa dzanja, natsamiza khutu pamwala. Patali, m'kati, adamva ziboda: ta-ka-ta-ka, ta-ka-ta-ka. Adabwerera kunyumba osagogoda.

Mitolo idatsala 5. Idatsala 4, 3, 2. Akavalo otsala adaonda, nthiti zidaoneka. Atate adanyamula mtolo wotsiriza. Ali pakhomo pa khola, adamva kulira kwa kambalame kumunda. Idali lóa!

Mtsikana adathamanga. Adapeza mwala uli wotsegula. Adayamba kutuluka make. Pambuyo padatuluka Nyenyezi, wamkulu, wonyezimira. Ndipo ankayenda mayendedwe ena, mwendo umodzi umodzi, mwacangu, msana uli phee: ta-ka-ta-ka, ta-ka-ta-ka.

Patapita zaka zinayi, Nyenyezi adakula ndithu. Mtsikana adamukwera atanyamula kapu yodzaza mkaka. Adazungulira nyumba. Adazungulira khola. Adafika pamwala, mkaka osatayika ngakhale dontho. Adatsika, naika kapu pansi.

"Odi! Amayi, mkaka wanu uwu."

Nthano yathera pano.

Zoona ndi ziti?

Nyenyezi ndi mtsikana uja ndi opeka. Mwala wotseguka ndi wopekanso. Koma akavalo a ku Islândia alipodi.

Adafika pacilumbapo m'mabwato. Adabwera nawo ndi anthu ocokera ku Noruega ndi ku zilumba zina, amene adayamba kukhazikika kumeneko ca m'ma 874. Taganizani, kavalo m'bwato, pakati pa mafunde! Papita zaka zoposa 1,000. Akavalo amenewa ndi aafupi. Paphewa amafika pafupifupi masentimita 140. Nyengo ya cisanu amamera ubweya wambiri, ngati avala bulangete.

Mayendedwe a Nyenyezi aja aliponso. Dzina lake ndi tölt. Kavalo amaponda mwendo umodzi umodzi mwacangu, ndipo wokwera sagwedezeka. Pamasewera ena okwera amanyamuladi kapu yodzaza, kuti aone amene sataya.

Ku Islândia kuli lamulo lolimba. Kavalo wa kunja saloledwa kulowa. Ngakhale kavalo wobadwira komweko, akangotuluka sabwereranso. Lamuloli limateteza akavalo ku matenda a kunja. Ndi lamulo lowawa kwa munthu amene wapita ndi kavalo wake ku mpikisano wa kunja, pakuti amabwerera yekha.

Skagafjörður ndi dera lenileni, kumpoto kwa cilumba, ndipo limadziwika ndi akavalo. Nyengo yofunda akavalo ambiri amakhaladi kumapiri okha. Kumapeto kwa Setembala eni ake amawakusa, amawalowetsa m'khola lalikulu, ndipo aliyense amasankha ake. Mbalame ya lóa nayo ndi yeniyeni. Imacoka cisanu cikayandikira, imabwera cisanu cikamatha. Anthu akaimva amakondwa.

Nanga anthu obisika? Iwowo ndi a m'nthano. Bambo wina, Jón Árnason, adasonkhanitsa nthano za dziko lake, ndipo mabuku ake adasindikizidwa mu 1862 ndi mu 1864. Alimi akale adali ndi malo ena amene sankamwetapo udzu, poopa kukwiyitsa eni ake osaoneka. M'tauni ya Kópavogur muli kaphiri ka miyala, dzina lake Álfhóll, ndiye kuti kaphiri ka anthu obisika. Omanga msewu adakasiya, msewu udadutsa pambali.

Tiyankhe

1. M'mwala munkakhala ndani?
2. Pangano la mabanja awiriwa lidali lotani?
3. N'cifukwa ciyani udzu udacepa m'nkhokwe?
4. Mayi wa m'mwala adakana ciyani? Adavomera ciyani?
5. Iwe ukadakhala mtsikana uja, ukadagogoda? Uza mnzako cifukwa cake.

Tiwerenge ndi kulemba

ka ke ki ko ku
ka-va-lo ka-pu
Kavalo akudya udzu.
Kapu ili pamwala.

Ombani m'manja pa mawu akuti ka-va-lo. Mwaomba kangati? Pezani mawu ena atatu oyamba ndi ka.

M'Cipwitikizi kavalo ndi cavalo. Nenani mawu onse awiri, mumve kufanana kwake. Mawu athuwa tidabwereka ku Cipwitikizi. Koma onani: ife timalemba ndi k, m'Cipwitikizi amalemba ndi c.

Tiwerengere

M'nkhokwe mudali mitolo 10. Akavalo adadya mitolo 4. Yatsala ingati? Tolani timiyala khumi, mucotsepo tinayi.

Tisewere

Tulukani panja. Awiri akhale mwala, agwirane manja. Mmodzi akhale mtsikana, wina akhale mayi wa m'mwala. Otsala akhale akavalo. Aphunzitsi akalira ngati mbalame, mwala utseguke. Yendani ta-ka-ta-ka mutasenza kapu ya madzi pamutu. Amene wataya abwerere m'mwala.

Kwa makolo

Mwana wa kalasi yoyamba sangawerenge yekha nkhani yonseyi. Muwerengereni madzulo, pang'onopang'ono. Pamene pali "Odi!" ndi "ta-ka-ta-ka" mulekeni anene yekha. Maina a ku Islândia akakuvutani, musadandaule, pitirirani. Ngati pakhomo palibe wodziwa kuwerenga, mwanayo akusimbireni nthanoyi pakamwa, monga adamvera kusukulu.

Kenaka inu mumuuze: ng'ombe, mbuzi kapena abulu a kwanu amadya ciyani mu Okutobala, udzu ukauma? Mapesi a cimanga ndi masangwi a mtedza mumasunga kuti? Mwana ajambule ciweto cimodzi ndi cakudya cake, abwere naco kusukulu mawa.