Phunziro: Tidziwe za ma exosome

Achinyamata, phunziro lathu la mwezi uno likukhudza timatumba tating'onoting'ono ta m'thupi totchedwa ma exosome.

Kodi ma exosome n'chiyani?

Thupi lathu linapangidwa ndi maselo. Maselowa amatulutsa timatumba tomwe timanyamula mapuloteni ndi RNA kupita nazo kwa maselo ena ngati makalata. Timatumbati timapezeka m'magazi, mumkodzo, m'malovu ndi mumkaka wa m'mawere. Kuchepa kwake n'kofanana ndi kachilombo ka HIV: timatumba pafupifupi 10,000 titandandalikidwa timangokwana milimita imodzi.

Akatswiri anatulukira timatumbati mu 1983, ndipo Rose Johnstone wa ku Canada anapereka dzina loti exosome mu 1987. Poyamba ankati ndi zinyalala za maselo. Koma mu 2007, akatswiri a ku Sweden anapeza kuti timatenga uthenga wa RNA kuchoka ku selo ina kupita ku inzake.

Kuyeza matenda

Selo ikadwala, katundu wa m'timatumba take amasinthanso. Choncho madokotala angathe kuona zizindikiro za matenda poyeza mkodzo kapena magazi okha. Ku America kuli njira yotchedwa ExoDx Prostate, yoyeza ma exosome a mumkodzo. Imathandiza dokotala kudziwa ngati bambo akufunika kudulidwa kanyama kokayeza khansa ya prostate.

Kafukufuku wasonyezanso kuti maselo ogwidwa ndi HIV amatulutsa ma exosome okhala ndi puloteni ya kachilomboka yotchedwa Nef, yomwe imasokoneza maselo abwinobwino.

Nanga kuchiza?

Akatswiri akuyesa kuika mankhwala m'timatumbati kuti tikawafikitse pamalo penipeni podwala. Ntchitoyi ikadali pa kafukufuku. Mu 2019, bungwe loona za mankhwala ku America la FDA linachenjeza anthu pambuyo poti ena ku Nebraska anadwala kwambiri atalandira mankhwala a ma exosome osavomerezeka.

Kumbukirani izi: palibe mankhwala a ma exosome ochiza HIV. Wina akakutsatsani otere pa intaneti, musagule. Amene ali pa ma ARV apitirize kumwa monga analangizidwira kuchipatala.

Mafunso okambirana m'kalabu

1. Kodi ma exosome amagwira ntchito yanji m'thupi?
2. Mnzanu atafuna kusiya ma ARV chifukwa cha "mankhwala atsopano", mungamulangize zotani?