Liu Lakuti "Kutengera"

Liu ili lichokera ku "kutenga". Mwana akabadwa, amai odzamuona amayang'ana mphuno, makutu ndi zala zomwe, nanena kuti, "Uyu watengera atate ake." Kutero ndiko kunena kuti nkhopeyo waitenga kwa amene adambala.

Koma liu lomweli timalinenanso pa makhalidwe: "Watengera amalume ake ulesi." Apa tichenjere. Ulesi ndi kutukwana mwana amaphunzira poona ndi pakumva. Nkhope, khungu ndi matenda ena ndizo za kumtundu. Timati zimadzera m'magazi, ngakhale kwenikweni zimadzera m'mbeu ya atate ndi ya amai.

Amene adayamba kulongosola bwino njira yake ndiye Gregor Mendel, wansembe wa ku Brno, amene adakhala zaka zambiri akubzala nsawawa m'munda wa kunyumba ya amonke. M'chaka cha 1866 adaonetsa kuti chobadwa chimalandira gawo kwa kholo liri lonse, ndiponso kuti chinthu chingathe kubisala mbadwo umodzi ndi kudzaonekera mbadwo wina.

Chialubino chiri chotero. Makolo akuda amabala mwana wachialubino pokhapo onse awiri ali nayo mbeu yake mobisika, ndipo pa pakati pali ponse mpata wakuti zitero uli 1 mwa 4. Tsono mwamuna wothamangitsa mkazi wake nati, "Kwathu kulibe zimenezi, watengera kwanu," akumnamizira mkaziyo. Mwanayo watengera konse kuwiri, kuchimuna ndi kuchikazi.