Chipale chofewa chikatseka msewu wa ku Durban, udindo ndi wa yani?

Amalonda ambiri a mu Limbe, ku Tsoka mu Lilongwe ndi ku Mzuzu sanaonepo chipale chofewa ndi maso, koma mpamba wawo umadutsa m'misewu yomwe chipalecho chimagwa. Katundu wotsika pa doko la Durban, kapena wopikulidwa m'masitolo a mumzindawo, amayenda pa msewu wa N3 kupita ku Johannesburg. Kuchokera kumeneko amalowa N1 mpaka pa Beitbridge, n'kudutsa Harare, Nyamapanda ndi Tete asanafike pa chipata cha Mwanza. N3 ikatsekeka, benchi ya wamalonda kuno imauma.

Chipale chofewa, chomwe ena amati sinowo, n'chosiyana ndi matalala. Chimagwa chopepuka ngati thonje n'kuunjikana pamsewu. Matayala akachiponda, usiku n'kuzizira kwambiri, chimauma n'kusanduka madzi oundana oterera zedi. Nyengoyi palibe angailetse, koma amene amaluza ndalama nthawi zambiri ndi yemwe sanagwirizane chilichonse ndi wonyamula katundu ulendo usanayambe.

Zomwe zinachitika pa Van Reenen

Msewu wa N3 ndi wotalika makilomita pafupifupi 580. Pakati pa matauni a Ladysmith ndi Harrismith umakwera mapiri a Drakensberg pa malo otchedwa Van Reenen's Pass, omwe ali pamtunda wa mamita oposa 1,600 kuchokera pa nyanja yamchere. Malowa amadziwika ndi chifunga, mphepo yamphamvu komanso ngozi za mathiraki.

Lachisanu pa 20 September 2024, chipale chofewa chinagwa chambiri m'derali ngakhale kuti miyezi yozizira ya June mpaka August inali itadutsa. Mathiraki, mabasi, maminibasi ndi magalimoto ang'onoang'ono anaima pa mzere wa makilomita ambirimbiri. Anthu anagona m'magalimoto, ena mausiku awiri, chakudya ndi zofunda zili zoperewera. Mayi wina yemwe anali m'minibasi anamwalira chifukwa chozizidwa. Msewuwo unayamba kutseguka Lamlungu.

Pali misewu ina yolambalala, monga R74 yodzera pa Oliviershoek ndi N11 yodzera ku Newcastle, koma nayonso imakwera mapiri omwewo. Choncho wamalonda asaganize kuti dalaivala angathe kungokhota n'kufika pa nthawi yake.

Udindo wa dalaivala

Udindo woyamba wa dalaivala ndi kumva za nyengo asananyamuke. Bungwe la South African Weather Service limachenjeza anthu pogwiritsa ntchito mitundu itatu, wachikasu, waolenji ndi wofiira, komanso manambala 1 mpaka 10 osonyeza kukula kwa chiopsezo. Kampani ya N3 Toll Concession, yomwe imasamalira chigawo chachikulu cha msewuwu, nayo imalengeza malo otsekedwa. Dalaivala wonyalanyaza machenjezowa sangadzanene kuti chipale chinamudzidzimutsa.

Wachiwiri ndi kuyendetsa mosamala, kapena kuima kumene. Buku la malamulo a pamsewu la ku Britain, Highway Code, limachenjeza kuti pa madzi oundana galimoto ingafune mtunda wochuluka kuwirikiza ka 10 kuti iime. Kwa thiraki yodzaza yomwe ikutsika phiri, kugona pa malo oimikapo mathiraki ku Harrismith kapena ku Ladysmith kuli bwino kusiyana ndi kugubuduka ndi katundu wa anthu makumi awiri.

Wachitatu ndi kukonzeka. Dalaivala wa nyengo yozizira amafunika mafuta okwanira, mabulangete, madzi akumwa, chakudya chouma ndi foni yodzaza moto. Akatsekeredwa n'kuliza injini kuti afunde, ayenera kuonetsetsa kuti chipale sichinatseke paipi yotulutsa utsi, chifukwa utsiwo ukabwerera m'kati umapha munthu ali m'tulo. Ayeneranso kumanga tenti bwinobwino, poti chipale chikasungunuka madzi ake amalowa m'makatoni ndi m'mabelo.

Wachinayi ndi kunena zoona. Uthenga umodzi wa pa WhatsApp wonena malo omwe thiraki yaima, limodzi ndi chithunzi, umathetsa mikangano yambiri. Dalaivala wothimitsa foni masiku atatu amadziyika yekha pa mlandu, chifukwa eni katundu amayamba kuganiza kuti wawathawa.

Udindo wa mwini katundu

Wamalonda nayenso ali ndi mbali yake. Choyamba, asamakakamize dalaivala kudutsa pamene a boma atseka msewu. Mafoni obwerezabwereza ndi mawu oopseza kuti ndalama yonyamulira idulidwa ndiwo amachititsa madalaivala ena kuyenda usiku pa msewu woterera. Katundu wochedwa amagulitsika ndithu, pamene wogwera kuphompho sabweranso.

Chachiwiri, auze wonyamula zomwe zili m'katoni. Madzi akaundana amafufuma ndi magawo pafupifupi 9 pa 100 aliwonse, ndiye mabotolo odzaza ndi zakumwa angathe kung'aluka. Penti wosungunula ndi madzi amaonongeka akaundana, ndipo mafuta ena odzola amalekana. Mafuta ophikira amangolimba n'kuyera, koma akafunda amabwerera mwakale, choncho palibe chifukwa chowathyolera mtengo. Mafoni ndi mawailesi ochokera kozizira kwambiri amachita thukuta m'kati akalowa malo otentha, ndiye ndi bwino kuwasiya maola angapo asanayatsidwe.

Chachitatu ndi kapakidwe. Zovala, nsapato ndi mabulangete ziyambe zakulungidwa mu pulasitiki zisanalowe m'katoni kapena m'thumba. Dzina ndi nambala ya foni zilembedwe kunja komanso pa pepala loikidwa m'kati, chifukwa zolemba za pa katoni yonyowa zimafufutika.

Chachinayi, tsiku lofika katundu mwini wake apezeke, kapena atume munthu wodziwika kwa dalaivala. Katunduyo atsegulidwe onse awiri akuona, ndipo choonongeka chijambulidwe ndi kulembedwa pa risiti asanasaine. Dandaulo lobwera patapita sabata silimveka.

Mmene amachitira kwina

Kumaiko komwe chipale chimagwa chaka ndi chaka, udindowu anaugawa poyera. Ku America, bungwe la positi la USPS limapempha anthu kuti azikolopa chipale pa masitepe, pa njira ndi pozungulira bokosi la makalata, ndipo wopereka makalata amaloledwa kudumpha nyumba yomwe njira yake ndi yoopsa.

Ku Britain, lamulo la Consumer Rights Act la 2015 limati katundu wogulidwa amakhalabe pa mutu pa wogulitsa mpaka atafika m'manja mwa wogula, ndipo ngati sanagwirizane tsiku lina, afike pasanathe masiku 30. Izi zingathandize abale a kumeneko omwe amagula zinthu pa intaneti kuti atumize kumudzi. Komabe lamulolo limateteza wogula zinthu zogwiritsa ntchito yekha, osati wopikula kuti akagulitse. Wamalonda chomuteteza chake ndi mgwirizano womwe walemberana ndi wonyamula katundu.

Akaonongeka alipira ndani?

Makampani ambiri onyamula katundu ku South Africa amalemba pa mapepala awo kuti katundu akuyenda pa chiopsezo cha mwini wake. Ambiri amalembanso kuti sadzalipira kanthu pa kuchedwa kobwera chifukwa cha nyengo. Wamalonda wosaina osawerenga amakhala wavomereza zonsezo.

Ndiye asanapereke ndalama afunse mafunso anayi. Kodi katunduyu ali pa inshuwaransi ya paulendo, ndipo imalipira mpaka zingati? Thiraki ikachedwa, ndani alipire ndalama zoonjezera monga za malo osungira? Katundu akanyowa chifukwa cha tenti yong'ambika, abweza ndani? Nanga uthenga uzibwera kangati, kuchokera kwa ndani? Mayankho ake alembedwe, ngakhale pa foni, ndipo malisiti ogulira katundu asungidwe, chifukwa a inshuwaransi komanso a MRA pa chipata amafuna umboni wa mtengo wake.

Kuchedwa nakonso kuli ndi mtengo wake, ngakhale katundu afike wabwinobwino. Mwachitsanzo, wamalonda wokongola K500,000 ku banki mkhonde pa chiwongoladzanja cha 20 pa 100 pamwezi amabweza K100,000 yapamwamba. Sabata imodzi yomwe katundu wakhala pamsewu yamudyera pafupifupi K25,000 asanagulitse kalikonse. Ndalama imeneyi dalaivala sangaibweze, choncho iyenera kuwerengeredwa pokonza mitengo.

N'chifukwa chake wopikula kudzera ku Durban kuyambira June mpaka September ayenera kuonjezera masiku angapo pa tsiku lomwe walonjeza makasitomala, ndipo asathire mpamba wonse mu thiraki imodzi. Wofuna katundu wa nthawi yotsegulira sukulu mu September aode mu July kapena kumayambiriro kwa August. Katundu wosachedwa kuonongeka, monga zipatso, ndi bwino kumuoda pang'onopang'ono m'miyezi imeneyi, ndipo tsiku lonyamuka thiraki, wamalonda ndi dalaivala onse ayambe aona chenjezo la nyengo la pa Van Reenen.