Musanapikule laputopu yakale kuno ku Perth, yambani mwaona malo a pa disiki

Lero ndati ndikutsineni khutu pa nkhani ya malaputopu akale, poti ndaona ambiri tayamba kutumiza kumudzi, ndipo ine zinandionekera kale.

Ndisanabwere kuno ku Perth ndinali wa pa basi ya ku Joni, kudutsa pa Beitbridge, Nyamapanda mpaka pa Mwanza ndi mabulangete komanso mafoni. Ndiye ndinkadzitenga ngati katundu ndimamudziwa. Tsiku lina ndinapeza timalaputopu tisanu kwa bambo wina cha ku Cannington: topepuka, toyera bwino, batire yolimba, mtengo wake wongotaya. Sindinafunse zambiri. Ndinatumiza kwa alamu anga ku Limbe ndipo tonse tinatha mwezi usanathe. Kenako mafoni anayamba kulira. Mayi wina amene anagulira mwana wake wa ku koleji anabwera nako kusitolo, akuti kakungolemba kuti malo atha, apudeti sikutheka, ngakhale ntchito ya kusukulu sikusungika. Disiki yake inali ya 32 GB basi. Ndinabweza ndalama za titatu, ndipo alamu anatsala pang'ono kuluza makasitomala amene anawapeza movutikira. Safunsa anadya phula.

Nkhani yake ili motere. Kampani ya Microsoft inasiya kuthandiza Windows 10 pa 14 Okutobala 2025. Laputopu imayakabe, koma siilandiranso zoiteteza kwa akuba a pa intaneti, pokhapokha mwiniwake atalembetsa pa ndondomeko yoonjezera yotchedwa ESU, yomwe kwa anthu wamba anaiika kuti ifike pa 13 Okutobala 2026. N'chifukwa chake malaputopu akale achuluka pa Gumtree ndi pa Facebook Marketplace, eni ake akuwataya. Koma wogula kumudzi nayenso wachenjera, akumafunsa kuti "ili ndi Windows 11?"

Windows 11 imafuna disiki yosachepera 64 GB. Amenewo ndiye malire a pansi penipeni. Komanso nambala yolembedwa pa katoni si imene mumaipeza mkati. Disiki ya 32 GB imaonetsa pafupifupi 29, ya 64 imaonetsa pafupifupi 59, ya 128 imaonetsa 119, ya 256 imaonetsa 238. Pamalo amenewo Windows yokha imadya oposa 20 GB, n'kupatulanso pafupifupi 7 GB osungira maapudeti.

Chimene ambiri sitidziwa n'chakuti pa nthawi yosinthayo disiki imasenza ma Windows awiri nthawi imodzi. Zili ngati kulowetsa mabelo atsopano mu hokala akale asanatuluke. Windows yakale imasungidwa mu foda yotchedwa Windows.old kwa masiku 10, kuti ngati yatsopano yavuta muthe kubwerera, kenako imadzifufuta yokha. Ndiye kukula kwa disiki pakokha sikukwanira, pamafunikanso malo opanda kanthu. Lamulo langa ine ndi lakuti sindiyamba ngati malo otsala sakufika 30 GB.

Mukapita kukaona laputopu, musachite manyazi kuiyatsa pamaso pa mwiniwake. Tsegulani Settings, kenako System, kenako Storage. Pamenepo muona kukula kwa disiki ndi malo otsala. Mukatero funsani kuti disikiyo ndi yamtundu wanji. Ikakhala SSD kapena hadi disiki yakale ija, nthawi zambiri imamasulika n'kuikapo ina yaikulu. SSD ya 256 GB imapezeka m'masitolo a makompyuta ngati PLE Computers, ndipo mtengo wake muuwerengere mu mpamba musanagwirizane ndi wogulitsa. Koma mukamva kuti ndi eMMC, imeneyo inawotcheredwa pa bodi, siichoka. Timalaputopu tanga tija tinali ta mtundu umenewu. Ya 32 GB eMMC isiyeni ngakhale akupatseni pa mtengo wa khofi. Ya 64 GB eMMC imalola, koma mwana wa sukulu aidzaza temu isanathe.

Ngati disiki ndi yokwanira koma yangodzaza, konzani malo. Fufutani za mu Downloads ndi mu Recycle Bin, yendetsani Disk Cleanup, chotsani mapulogalamu osafunika, zithunzi ndi mavidiyo musamutsire kwina. Windows ikadandaula kuti malo achepa, imalolanso kulumikiza fulashi yokhala ndi malo osachepera 10 GB kuti ibwerekepo mpaka ithe ntchito. Koma kwa ife ogulitsa, njira yabwino ndi kufufuta zonse n'kuika mwatsopano. Pamafunika fulashi ya 8 GB, yomwe mungaipeze ku Officeworks, ndi pulogalamu yaulere ya Microsoft yotchedwa Media Creation Tool. Mukatero palibe Windows.old, komanso simutumiza kumudzi zithunzi ndi makalata a mwiniwake wakale.

Musaiwale kuti malo si okhawo. Windows 11 imafunanso RAM ya 4 GB, TPM 2.0, ndi purosesa ya Intel ya m'badwo wa 8 kupita m'tsogolo, kapena, pa malaputopu, AMD Ryzen 3000 kupita m'tsogolo. Pa i5-8250U, nambala 8 ija ndiye m'badwo wake, imeneyo ilola. I5-7200U siilola ngakhale muike disiki yaikulu bwanji. Pulogalamu ya PC Health Check imakuuzani zonsezi m'kamphindi kochepa. Alipo akatswiri ena amene amaikakamiza Windows 11 pa laputopu yosayenera, koma Microsoft inanena kuti yoteroyo siikulonjezedwa maapudeti. Mukagulitsa yotere, muuzeni wogula zoona.

Nanga zimene munagula kale? Musazitaye msanga. Linux Mint imakwana pa disiki ya 20 GB, ChromeOS Flex pa 16 GB. Kwa munthu wongofuna intaneti ndi kulemba makalata zimathandiza, bola adziwiretu kuti si Windows, ndipo mtengo utsike. Timalaputopu tanga titatu tobwezedwa tija alamu anatigulitsa choncho, ndinaluzapo ndithu koma dzina linatsala.

Chomaliza, ntchito yonseyi ichitikire konkuno katundu asananyamuke. Fayilo ya Windows 11 imaposa 5 GB, maapudeti n'kubweranso pambuyo pake. Kuno timangolumikiza pa Wi-Fi ya pakhomo n'kukagona. Kumudzi ndi bandulo ya wogula imene ithere pamenepo, ndipo magetsi akathima ntchito ili pakati, batire n'kutha, laputopu imatha kukana kuyaka. Mlandu wake ubwera kwa amene ali pa sitolo, osati kwa inu muli kuno.

Masiku ano sindilipira ndisanaone Storage, ndipo pansi pa 128 GB sindigula. Amene muli ndi laputopu yomwe mukuikayikira, lembani nambala ya purosesa ndi kukula kwa disiki pansipa, tionere limodzi musanatulutse ndalama.