Phunziro 23: Tisinthe paipi ndi silinda za makina onyamulira

Mvula ili pafupi. Manyowa ali mulu kukhola. Ayenera kufika kumunda wa koperativa tisanabzale chimanga ndi mbatatesi. Koma makina athu onyamulira adwala. Mikono yake ikukwera mochedwa. Ikafika m'mwamba imatsika yokha. Pansi pa makina pali oilo wodontha.

Kodi tidikire makaniko wa kutauni? Mwina adzafika mvula itagwa kale. Ntchito iyi tingaigwire tokha, koma tiyambe taidziwa bwino.

Mphamvu imachokera kuti?

Injini imazunguza pampu. Pampu imakankha oilo. Oilo amayenda m'paipi nalowa m'silinda. M'kati mwa silinda muli ndodo yachitsulo yonyezimira. Oilo akaikankha, ndodo imatuluka ndipo mikono imakwera. Masilinda okweza mikono ndi awiri, ina kumanja, ina kumanzere. Amagwira ntchito pamodzi ngati ng'ombe za pagoli.

Mphamvu ya oilo timaiyesa ndi muyeso wotchedwa bar. M'tayala la galimoto yaing'ono muli mpweya wa bar 2. M'paipi ya makina onyamulira oilo amafika pafupifupi bar 200. Si masewera ai!

Zoopsa ziwiri

Choyamba ndi mikono ya makina. Ikakhala m'mwamba, chimene chaigwira ndi oilo basi. Tikamasula paipi, oilo amatuluka, mikono imagwa nthawi yomweyo. Munthu amene ali pansi pake sapeza mpata wothawa.

Chachiwiri ndi kabowo kakang'ono pa paipi. Oilo wotuluka pamenepo ndi wowonda ngati singano, ndipo amaboola khungu. Bala lake limaoneka laling'ono, koma oilo amaononga mnofu m'kati. Munthu akachedwa, chala kapena dzanja limadulidwa. Wina akalasidwa chotere, timutengere kuchipatala msanga, ngakhale akunena kuti sizikupweteka. Tikafika, tiwauze adokotala kuti walasidwa ndi oilo wa makina.

Choncho pofufuza pamene pakudontha tisapapase ndi dzanja. Tiyendetse chidutswa cha katoni m'mbali mwa paipi. Pamene katoni yanyowa ndi pamene pali bowo.

Tisanayambe ntchito

1. Tiimike makina pamalo osalala ndi olimba.
2. Titsitse mikono mpaka chifosholo chake chikhale pansi.
3. Tizimitse injini. Kiyi akhale m'thumba mwa amene akukonza.
4. Tikankhe zogwirira kutsogolo ndi kumbuyo kangapo, kuti mphamvu yotsala m'mapaipi ithe.
5. Tidikire oilo azizire.

Makina ena sakonzeka mikono ili pansi. Ngati athu ndi otero, tiichirikize ndi chitsulo chake chimene chinapangidwira ntchito imeneyi. Mtengo wotola pabwalo umaterereka kapena kuthyoka. Ana akhale kutali.

Kusintha paipi

Mdani wa pampu ndi dothi. Kamchenga kamodzi kakalowa, kamakanda zitsulo za m'kati, ndipo pampu ndi yodula kuposa paipi. Tiyambe tatsuka ndi kupukuta pamene timasule.

Tiike beseni pansi lolandira oilo. Timasule ndi masipanala awiri: ina igwire, ina ipotokole. Timasule pang'onopang'ono, nkhope ili kumbali. Paipi ikachoka, titseke mabowo ndi pulasitiki yoyera, timange.

Paipi yakale tipite nayo kusitolo. Yatsopano ifanane nayo kutalika, kukula ndi mitu yake. Pa paipi pamalembedwa nambala ya mphamvu imene ingapirire. Tiiwerenge tokha, popeza tsopano kuwerenga tikudziwa. Nambala ya paipi yatsopano isachepe kuposa ya yakale.

Pomanga, paipi isapotoke. Tiyang'ane mzere wa zilembo za pa paipi: uyende woongoka. Paipi isakhale yokokeka, isapindike kwambiri, ndipo isakhule pa chitsulo.

Ena amati: "Tingokulunga mphira ya chubu pa bowo, tipitirize ntchito." Ifenso tinayesa chaka china. Mphira sinathe ngakhale theka la ola. Oilo anathera pansi, ndipo tinagula zinthu ziwiri, paipi ndi oilo yemwe. Mphira imathandiza pa njinga, pano ai.

Kusintha silinda

Silinda yadwala ngati oilo akutuluka pakamwa pake, kapena ndodo yapindika, yakandika, yachita dzimbiri. Nthawi zina ndodo imakhala yabwino, chatha ndi marabala otseka oilo okha. Pamenepo makaniko angathe kusintha marabalawo, osagula silinda yatsopano.

Silinda iliyonse ili ndi mapaipi awiri. Tisanawamasule, timange ulusi wofiira pa paipi imodzi ndi pamalo pake, kuti tisadzawasinthanitse. Silinda ndi yolemera. Tigwire anthu awiri, kapena tiimange ndi chingwe. Kenaka tichotse mapini a kumutu ndi kumunsi, tiwasunge pa nsalu yoyera.

Poika yatsopano, tipake girizi pa mapini. Mabowo akakana kulunjikana, tisalowetsemo chala. Tiwalunjike ndi kachitsulo. Tibwezere zotsekera mapini zonse, kenaka timange mapaipi.

Kuyesa

Tithire oilo wa mtundu wolembedwa m'buku la makina, kudzera m'fanelo yoyera. Onse ataima patali, woyendetsa alize injini. Akweze ndi kutsitsa mikono pang'onopang'ono kangapo, chifosholo chili chopanda kanthu. Potero mpweya umene unalowa umatuluka. Atsitse, azimitse, tionenso muyeso wa oilo ndi kuonjeza. Tifufuzenso ndi katoni ija.

Oilo wakale tisatayire kudimba, kumtsinje kapena pafupi ndi chitsime. Timusunge m'chigubu chotseka.

Pomaliza, mlembi alembe m'buku la koperativa: tsiku, chimene tasintha, malita a oilo ndi ndalama zimene zapita. Makina ndi a tonse. Aliyense ali ndi ufulu wowerenga buku limeneli.

Tiwerenge ndi kulemba

pampu, paipi, silinda, sipanala, katoni
pa pe pi po pu
sa se si so su

Mafunso

1. Chimene chimagwira mikono ya makina m'mwamba nchiyani?
2. Chifukwa chiyani tisafufuze bowo ndi dzanja?
3. Tchulani zinthu 5 zoyenera kuchita tisanamasule paipi.

Samu

Tinagula oilo malita 20. Tathira malita 6. Atsala malita angati?

Tikambirane

Pa koperativa yathu, ndani amasunga kiyi wa makina? Ndani amaona oilo m'mawa ntchito isanayambe? Ngati palibe, tisankhe anthu awiri lero, mayi mmodzi ndi bambo mmodzi.