Phunziro la Zaumoyo: Mayi Woyembekezera Akavulala Kafupa ka Kumapeto kwa Msana

Mayi wina wa pakati pa miyezi isanu ndi itatu ankakolopa pakhonde m'mawa. Phazi linaterereka pa simenti yonyowa ndipo anagwa n'kumenyetsa mbuyo pansi. Anadzuka, nadzisasa, nati palibe kanthu. Pofika madzulo ankalephera kukhala pampando. Lamulungu anapirira Misa yonse pa benchi misozi ikulengeza, koma sanauze munthu, poti malo opwetekawo ndi ochititsa manyazi kuwatchula. Ngozi yotere si yachilendo, ndipo amayi ambiri amavutika nayo mwakachetechete pamene thandizo lilipo.

Kafupa kameneka n'kotani?

Kumapeto kwenikweni kwa msana kuli kafupa kakang'ono kopindikira mkati, komwe achipatala amati coccyx. Kamapangidwa ndi timafupa titatu mpaka tisanu, kawirikawiri tinayi. Minofu imene imachirikiza chiberekero, chikhodzodzo ndi matumbo imamangirira pamenepa, ndipo munthu akakhala pansi motsamira kumbuyo, gawo la kulemera kwake limafikira pa kafupaka.

Mayi akakhala ndi pakati, thupi lake limatulutsa michere, monga wotchedwa relaxin, imene imafewetsa mitsempha yomanga mafupa a m'chiuno pokonzekera kubadwa kwa mwana. Kuyambira sabata ya 28 mpaka ya 40 mimba imakula msanga, thupi limalemera chakutsogolo, ndipo mayi saona bwino pomwe akuponda. N'chifukwa chake kugwa sikuvuta. Kafupaka kangathe kusupuka, kuguluka kapena kuthyoka. Amayi ena kamawapweteka ngakhale sanagwe, chifukwa mutu wa mwana umakakanikiza.

Choyamba ndi mwana

Mayi akagwa pa miyezi yomalizayi apite kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale akumva kuti ali bwino. Chimene anamwino amaopa kwambiri si fupa ayi, koma nsengwa, imene mwana amalandirira chakudya ndi mpweya. Kugwa kungachititse nsengwa kumatuka m'chiberekero nthawi isanakwane, ndipo nthawi zina magazi amatayikira mkati osaonekera kunja.

Asadikire kuti kuche kapena kuti bambo aweruke kuntchito ngati akutaya magazi, nsupa yasweka, m'mimba mukupweteka kapena mwauma gwa, matenda ayamba, mwana wachepetsa kusewera, kapena akumva chizungulire. Chimodzimodzinso ngati miyendo yafooka, pakati pa miyendo pachita dzanzi, kapena akulephera kukodza kapena kusunga mkodzo ndi chimbudzi, pakuti izi zimasonyeza kuti mitsempha ya mumsana yakhudzidwa. Atenge buku lake la kusikelo, ndipo afotokoze mosabisa momwe anagwera ndi pomwe pakupweteka.

Kuchira kumatenga nthawi

Kafupaka sakakuikira pulasitala monga mkono kapena mwendo. Kamapola kokha. Kakangosupuka kamatenga pafupifupi masabata 4. Kakathyoka, masabata 8 mpaka 12. Nthawi zambiri madokotala saona chifukwa chojambulira mayi woyembekezera, popeza chisamaliro n'chimodzimodzi, kaya kathyoka kaya ayi. Ntchito yaikulu ndi kuchotsa kulemera pamalopo kuti papole.

Pokhala, mayi aweramire pang'ono kutsogolo, ndipo asakhalitse. Pakatha mphindi 20 kapena 30 aimirire n'kuyendako pang'ono. Mpando wofewa kwambiri womira suthandiza. Chothandiza ndi khushoni yokhala ndi mpata kumbuyo kwake, kuti kafupaka kasagunde pansi. Popanda yogula, apinde zitenje ziwiri kapena thaulo ngati nkhata yaikulu yosatseka, mpatawo uloze kumbuyo. Pogona agonere m'mbali, ataika pilo pakati pa mawondo. Podzuka ayambe watsitsa miyendo, kenaka adzikankhe ndi manja.

Masiku awiri oyamba aike pamalopo madzi oundana okulunga m'kansalu kwa mphindi 15 mpaka 20, kangapo pa tsiku. Pambuyo pake nsalu yofunda ingathandize. Mpando wakumbuyo wa minibasi ndi kabaza m'misewu ya zigwembe zimadzutsa ululu, choncho maulendo osafunikira adikire.

Kudzimbidwa kumawonjezera vuto, chifukwa kudzikakamiza kuchimbudzi kumakoka minofu yomangirira pa kafupaka. Mapiritsi owonjezera magazi a kusikelo amadzimbitsa amayi ena, koma asawasiye. M'malo mwake amwe madzi ambiri, adye papaya wakupsa, masamba, nyemba ndi nsima ya mgaiwa.

Za mankhwala

Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa. Panado amaloledwa kwa mayi woyembekezera akamwedwa monga achipatala anenera. Koma Brufen, Indocid ndi diclofenac, amene anthu amangogula pagolosale, sayenera kumwedwa popanda dokotala kuyambira sabata ya 20. Angachepetse madzi amene mwana amakhalamo, ndipo cha m'ma sabata 30 kupita m'tsogolo angatseke msanga mtsempha wina wa pafupi ndi mtima wa mwana, umene umayenera kutseka akabadwa. Mayi amene dokotala anamupatsa aspirin wochepa mphamvu pofuna kupewa vuto la kuthamanga kwa magazi apitirize kumwa, koma auze achipatala za kugwako. Mankhwala azitsamba, kutema mphini ndi kutsula fupa kwa anthu osaphunzira ntchitoyi apewe ndithu.

Nanga pochira?

Nkhawa ya amayi ambiri ndi yakuti kodi adzatha kubereka bwinobwino. Ambiri amatha, ndipo kuvulala kwa kafupaka pakokha si chifukwa chochitira opaleshoni. Mwana akamatuluka, kafupaka kamasuntha chakumbuyo kuti njira ikule, ndiye ululu ungabwererenso. Ndi bwino kuuza azamba nthawi isanakwane ndi kupempha kuti alembe m'buku la kusikelo. Kugonera m'mbali kapena kugwada manja ali pansi kumapepukitsa malowo kusiyana ndi kugona chagada, ndipo azamba ndiwo angalangize chomwe chingatheke. Mwana akabadwa, mayi angayamwitse atagonera m'mbali. Ululu ukapitirira miyezi iwiri kapena itatu, apemphe kalata yokaonana ndi a mafizo, amene amapezeka m'zipatala zikuluzikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Kamuzu Central ku Lilongwe.

Udindo wa banja ndi mphakati

Malangizo onsewa sangathandize ngati mayi akupitiriza kuchapa ataŵerama, kusenza ndowa ndi kuphika atakhala pa kampando kapansi. Kuvulala kumeneku sikuoneka ndi maso: palibe bala, palibe bandeji. N'chifukwa chake ena amafulumira kunena kuti ndi ulesi wa pakati chabe. Bambo wa m'nyumba ndiye woyamba kukhulupirira mkazi wake ndi kutenga ntchito zolemera. Apongozi, ana osinkhuka ndi amayi a mumphakati angagawane masiku otunga madzi, kuchapa ndi kumuperekeza kusikelo. Aonenso zimene zinamugwetsa: ndere za m'bafa, simenti yopolisha, masilipasi otha kunsi ndi masitepe opanda nyali.

Kutchalitchi, mayi wotere angabwere ndi khushoni yake, n'kukhala kumapeto kwa benchi kuti aziimirira akafuna. Sakakamizidwa kugwada. Ululu ukakula, Katekisimu wa Eklezia Katolika pa ndime 2181 amatchula matenda ngati chifukwa chomveka chosapezekera pa Misa ya Lamulungu. Atsogoleri a mphakati adziwitse ku parishi kuti alandire Ukaristia kunyumba.

Mafunso okambirana m'miphakati

1. Ndi zizindikiro ziti zimene ziyenera kuthamangitsira mayi kuchipatala akagwa?
2. Mumphakati muno, ndani angapereke galimoto kapena kuperekeza mayi woyembekezera usiku?
3. N'chiyani chimalepheretsa amayi kunena za ululu wa m'malo obisika, ndipo mabanja angachitenji kuti amasuke?