Mwana Akathyoka pa Chigongono

FUNSO: A dokotala, mwana wanga wa zaka 6 anagwa mumtengo wa mango natsamira dzanja; chigongono chatupa, ndipo akuchipatala akuti afunika opaleshoni. Kodi chikhakha sichikwanira?

YANKHO: Mayi, mwachita bwino kufunsa, pakuti safunsa anadya phula. Ana a msinkhu umenewu amathyoka kawirikawiri kumapeto kwa fupa la mkono, pamwamba penipeni pa chigongono, pamene pamadutsa mtsempha waukulu wa magazi ndi mitsempha yoyendetsa zala. Chifukwa chake dokotala, asanaone ekisire, ayenera kumva kugunda kwa magazi padzanja, kuona ngati zala zili zofunda, ndi kupempha mwanayo kuti akumanize chala chachikulu ndi cholozera. Fupa likangosweka osasuntha, chikhakha chikwanira; koma likasuntha, pafunika kumgoneka tulo mwanayo, kulibwezera m'malo mwake, ndi kulimanga ndi timawaya tiwiri kapena titatu, timene amatichotsa pakatha milungu 3 kapena 4. Fupa losunthalo likasiyidwa chomwecho, mkono udzapola wokhota. Musamsisite pothyokapo, ndipo zala zikazizira, zikachita dzanzi, kapena ululu ukakula, thamangirani kuchipatala ngakhale pakati pa usiku.